Masilipasi Atatu Pansi pa Bedi

Lolemba, 4 Ogasiti

Andigoneka mu wodi ya maso, bedi la pafupi ndi zenera. Kope ili ndalanda kwa mwana wanga wamkazi, masamba oyamba muli masamu ake. Ndizilembamo zomwe adokotala akunena, chifukwa bambo a kwathu akamva zinthu zitatu amafika nacho kunyumba chimodzi, chokhota.

Adokotala ndi mayi wamfupi wolankhula mofatsa. Andiunika ndi tochi m'diso lamanzere mpaka misozi. Akuti kumbuyo kwa diso kuli kansalu kopyapyala komwe kamalandira zonse zimene timaona. Kanga kamatuka, ngati pepala la pakhoma likanyowa. Mawa opaleshoni.

"Mdima umenewu munayamba kuuona liti?" anandifunsa.

Ndinati sabata yatha. Bambo a kwathu anatsokomola. Ndinati mwina mwezi ukukwana.

"Mumagwira ntchito yanji, mayi?"

"Ndimayendetsa basi."

Anasiya kulemba n'kundiyang'ana. Mayang'anidwe amenewo ndimawadziwa. Ndi omwe ine ndimayang'ana nawo tayala likatupa m'mbali.

Zinayamba ngati tintchentche takuda pagalasi la kutsogolo. Ndinkapukuta galasilo pa siteji iliyonse, mpaka ndinakalipira otsuka mabasi, anthu osalakwa. Kenako galasi la m'mbali linayamba kuda kumunsi. Ndinakadandaula kwa amakanika, anandiikira latsopano. Latsopanolo linabwera ndi mdima womwewo. Apo m'pamene ndinadziwa kuti vuto si basi.

Laisensi ya basi imafuna maso onse awiri. Nkhani yonse ili pamenepo.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Osadya, osamwa. Andijambula kamtanda pamphumi, pamwamba pa diso lamanzere, kuti asasokoneze maso.

Pabedi loyandikana ndi langa pali mayi wa saluni. Mankhwala owongolera tsitsi anamudonthera m'diso, koma pakamwa sipanadwale. Akuti, "Akuchongani ngati katundu wokwera pa basi, a dalaivala. Musasochere."

Ndaseka pang'ono. Ndikuopa.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Dzulo sindinalembe. Mutu unali ngati wa munthu wina.

Opaleshoni akuti inayenda bwino. Kansaluko akayala pamalo pake ndipo aika thovu la mpweya m'diso. Thovu limayandama kupita m'mwamba, ndiye kuti lizikanikiza kansaluko ndiyenera kugona chafufumimba, nkhope pansi, usana ndi usiku. Kudzuka ndi kwa kanthawi, kopita kuchimbudzi ndi kudontheza mankhwala. Ngakhale poyenda, chibwano pachifuwa ngati mwana wolakwa.

Mankhwala: botolo la chivindikiro choyera kanayi pa tsiku, la chivindikiro chofiira kawiri, mapiritsi a ululu ndikadya.

Mutu wanga uli kumapeto kwa bedi pakati pa mapilo awiri, kope lili pansi pa kampando. Dziko langa tsopano ndi matailosi, miyendo ya mabedi ndi mapazi a anthu. Sindikudandaula kwambiri, mapazi ndinkawayang'ana kale. Dalaivala watsopano akakhala pampando ine sindiyang'ana nkhope yake kapena mapepala ake. Ndimayang'ana pansi.

Adokotala amayenda ndi zala, ngati akuopa kudzutsa munthu. Wa saluni ali ndi masilipasi ofiira ndipo zikhadabo anapaka utoto ngakhale muno. Namwino wamkulu, yemwe tonse timangomuti Sisita, ali ndi nsapato zoyera, yamanzere inaphwanyika chidendene. Amaima ngati munthu wokonzeka kupepesa.

Khosi likuwawa. Msana ukuwawa. Diso likunyerenyetsa ngati muli mchenga.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Bambo a kwathu abweretsa mpunga ndi msuzi wa nkhuku. Ndadya mbale ili pansi, ngati mphaka. Tiyi ndamwera kapaipi. Wa saluni akuti akanakhala ndi maso awiri abwino akanandijambula.

Pochoka bambo anaima nthawi yaitali, ndimangoona nsapato zawo zikusinthana. Kenako anati, "Mayi a mwana, bwenzi pano muli pa ofesi. Munakaniranji muja?"

Anapita. Koma funsolo lagona nane pabedi, ndiye ndilembe.

Ku depoti amanditchula Mayi Thonje. Akuti phazi langa ndi lofewa, ndikamanga buleki munthu amene akumwa tiyi kumbuyo satayikiridwa. Zaka makumi awiri, sindinagundepo ngakhale galu. Mwezi wa Meyi abwana anandiitana. Anati mphunzitsi wa madalaivala akupuma ntchito, ndipo akufuna ine.

Ndinaseka. Ndinati, "Bwana, nzeru zanga zili m'mapazi. Pakamwa mulibe kanthu."

"Kaganizeni, Mayi Thonje," anatero.

Ndinaganiza mwezi wathunthu. Ndinkadziona nditaima kutsogolo kwa azibambo a masatifiketi, ine wolekeza sukulu panjira, choko chili m'manja, wina n'kukweza dzanja kundifunsa funso la m'buku. Thukuta linkatuluka ndili ndekha m'bafa. Pa chiwongolero palibe amene angandiuze kanthu, koma ndikatsika basi ndimangokhala mayi wina wonenepa wosadziwa poika manja. Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira tsiku loti wina adzatulukire kuti ndinangochita mwayi.

Ndinabwerera kwa abwana n'kuwapatsa dzina la Magiya, dalaivala yemwe anayamba ntchito ali kondakitala pa basi yanga. Amalankhula bwino, ali ndi mapepala. Anamutenga.

Loweruka, 9 Ogasiti

Ayeza mphamvu ya m'diso, kuona ngati madzi a mkati sakukankha kwambiri, akuti ili bwino. Zikope zatupa.

Sisita atatha kudontheza mankhwala sanachoke. Nsapato zoyera zinangoima pafupi ndi kampando kanga.

"Mayi, n'zoona kuti mumayendetsa basi yaikulu ija?"

"Ndinkayendetsa mpaka sabata yatha."

Anatsitsa mawu. Akuti amuna ake anamwalira chaka chatha n'kumusiyira galimoto yaing'ono. Ili pansi pa mtengo, nkhuku zimaikira pansi pake. Wakayesedwa katatu, katatu konse walephera pamalo amodzi: kunyamuka pamtunda. Injini imazima, galimoto imabwerera m'mbuyo, woyesa amagwira handibuleki n'kutseka faelo.

"Ana anga amandiseka. Akuti amayi, ingogulitsani. Mwina akunena zoona. Mutu wanga unakalamba."

"Muli ndi zaka zingati?"

"Makumi anayi ndi zitatu."

Ndinamuuza kuti ine ndine mkulu wake ndipo mutu wanga sunakalambe. Linali bodza, koma munthu wogona chafufumimba saoneka nkhope.

Wa saluni, yemwe makutu ake amamva ndi zakuseri kwa khoma, anati, "Ndiye mukudikira chiyani? Mphunzitsi ali pompa, sangathawenso."

Lamulungu, 10 Ogasiti

Madzulo wodi itazizira, wa saluni anandanditsa masilipasi atatu pansi pomwe diso langa limafika. Awiri ofiira ake, limodzi langa. Zopondera zitatu za galimoto: kilachi, buleki, moto. Sisita anakhala pa mpando kutsogolo kwake, wa saluni anadzipereka kukhala injini.

Vuto ndinaliona nthawi yomweyo. Sisita amanyamula mwendo wonse, chidendene m'mwamba, ngati waponda njoka. Ndinamuuza kuti chidendene chizikhala pansi. Zimenezo zinatheka.

Kenako anafunsa, "Nanga ndidziwa bwanji kuti kilachi yagwira?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndinati mumangomva. Anati ndimve chiyani? Ndinati imasintha. Anati imasintha bwanji? Ndinayamba kunena za mbale ziwiri zomwe zimakumana, ndinasokonezeka pakati, ndinayambiranso, ndinasokonezekanso. Wa saluni anali atasiya kulira ngati injini.

"Onse amatero," anatero Sisita mwaulemu. "Amati mumangomva. Basi ndine wogontha mapazi. Zikomo, mayi, pumulani."

Anabweza masilipasi kwa eni ake n'kupita.

Ndiye ndinkanena zoona kwa abwana. Ndimayesa kuti ndisangalala kudziwa kuti sindinalakwitse kukana, koma ndalira mpaka pilo kunyowa, chonsecho adokotala anandiletsa kulira.

Lolemba, 11 Ogasiti

Mphamvu ya m'diso yakwera, ndipo akuti ikakwera si bwino. Awonjezera botolo lachitatu, la chivindikiro chachikasu, m'mawa ndi madzulo. Adokotala anandiunika nthawi yaitali kuposa masiku onse. Ndinafunsa ngati zili bwino. Anati tidikire Lachinayi.

Masana dzanja langa lamanja linali lendelende kumbali kwa bedi, litachita dzanzi. Wa saluni podutsa analiponda pang'ono ndi silipasi, ine n'kukankhira m'mwamba mosaganiza. Ndinakhala ndikuliyang'ana dzanjalo.

Sisita atabwera ndi mankhwala a madzulo ndinati, "Vulani nsapato yamanzere."

"Mayi?"

"Vulani. Khalani pampando. Pondani pachikhatho pangapa."

Anakana, akuti si ulemu kuponda wodwala. Wa saluni anati odwala amapondedwa tsiku lililonse, lero kokha wapempha yekha. Sisita anaponda.

"Pondani mpaka pansi. Eya. Tsopano ine ndizikankha, inu muzibwerera nane. Osandithawa. Pang'onopang'ono."

Phazi lake linali lozizira ndipo linkafuna kuuluka. Ndinalitsatira ndi dzanja. Titafika pakati ndinayamba kunjenjemeretsa chikhatho, pang'ono chabe, monga imachitira basi yodzaza ikafuna kunyamuka.

"Mwamva?"

"Mukunjenjemera."

"Si ine. Ndi galimoto. Ikuti ndagwira, ndisiyireni katunduyu. Imani pomwepo, osakwera, osatsika. Phazi linalo lipatse moto pang'ono. Tsopano tsitsani handibuleki."

Wa saluni anakweza mawu a injini mpaka gogo wa pakona anafunsa ngati abwera kudzatchetcha udzu. Tinabwereza mpaka dzanja langa linatopa. Kumapeto phazi la Sisita linkaima lokha pamalo aja ndisanayambe n'komwe kunjenjemera.

Povala nsapato anati, "Bwanji sanandiuze chonchi onse aja?"

Ndinayang'ana chikhatho changa. Inenso palibe chomwe ndinamuuza.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Kwabwera Magiya ndi malalanje. Ndinamudziwira nsapato, amazipukuta mpaka kuonekamo nkhope. Bambo wa ana atatu, koma anakhala pansi penipeni, pa matailosi, kuti ndimuone.

Akuti basi yanga aipatsa wina wogwirizira ndipo ikulira magiya ngati ikuphedwa. Akuti okwera a m'mawa akufunsa kuti amayi aja ali kuti. Ndinamupempha kuti asinthe nkhani.

Ndinamufunsa za uphunzitsi. Anapukusa mutu.

"Amayi, ndimalankhula tsiku lonse, amalemba zonse, mayeso a papepala amakhoza. Akakwera basi, zonse zimathera pa geti. Ndayamba kungochita zomwe munkandichita inu."

"Ine ndinakuchita chiyani?"

"Mwaiwala? Munandivula nsapato pabwalo la depoti. Munaika kapu ya madzi patsogolo, munati ndikataya ndimwa ndi fumbi lomwe. Mwezi wonse ndinkayenda ndi malaya onyowa."

Ndinali nditaiwaladi. Ndinati kumene kuja sikunali kuphunzitsa, kunali kungokuchotsa matama.

"Ndiye amene munawachotsa matama tilipo ambiri," anatero. Anayamba kutchula mayina. Ndinamuletsa asanathe.

Atapita ndinasenda lalanje limodzi koma sindinadye. Mpando uja anandipatsa m'manja, ine ndinaubweza ndekha, ndikumwetulira.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Mphamvu ya m'diso yatsika. Sisita sali pa ntchito lero. Wa saluni amutulutsa, diso lake lapola. Wandisiyira masilipasi ofiira aja, akuti sukulu isatsekedwe. Wapita atavala nsapato za mng'ono wake.

Wodi yakhala chete. Mawa.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Anandikhazika pampando, anaphimba diso lamanja.

Zilembo za pakhoma, palibe. Zala za adokotala, palibe. Atagwedeza dzanja pafupi ndi nkhope ndinaona chinthu chikudutsa, ngati munthu kuseri kwa katani.

Ndinati ndi thovu lija likutchinga. Anati inde, thovu likutchinga, ndipo lidzatha lokha. Kenako anakoka mpando wawo kufika pafupi, mawondo athu kugundana. Ndilembe monga ananenera.

"Kansalu kagwira, mayi. Diso silichotsedwa, ndipo lidzaona kuwala ndi zinthu zikuluzikulu. Koma pakati pake, pomwe timaonera patali, panakhala pomatuka nthawi yaitali ndipo pachita chipsera. Pamenepo sipabwerera."

"Likhala diso la basi?"

"La pakhomo, mayi. La basi ayi."

Ndinafunsa ngati munthu wa diso limodzi angakhale mphunzitsi wa madalaivala. Sindikudziwa chomwe ndinafunsira, mpandowo uli kale ndi mwini wake. Anati monga akudziwira, mphunzitsi amafunika laisensi yomweyo, chifukwa wophunzira akalephera pamsewu iye ndi amene amalanda chiwongolero.

Sananene kuti mukanabwera msanga. Ndikuwathokoza.

Akuti ndikhoza kuyamba kukhala tsonga. Masiku onsewa ndimalakalaka kudzutsa mutu. Ndabwerera pabedi n'kugona chafufumimba ndekha.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Sindinadye. Bambo a kwathu anakhala nane osalankhula, ndipo anachita bwino.

Abwana atumiza uthenga. Akuti ndisade nkhawa, pa windo la matikiti pali malo.

Mawa ndikutuluka. Mabotolo onse atatu ndipitirize, ndibwerenso pakatha masabata awiri. Lolemba ndikapereke kalata ya adokotala ku depoti.

Loweruka, 16 Ogasiti, kunyumba

Ndikulemba nditakhala pa tebulo, mutu uli m'mwamba ngati munthu.

M'mawa tikulongedza, Sisita anabwera atavala zakunyumba. Akuti alongo ake amubweretsera galimoto ija n'kuisiya panja. Wophunzira saloledwa kuyenda yekha, pambali pake pamafunika munthu wa laisensi.

"Yanu ilipo, mayi?"

Inali m'chikwama. Mpaka Lolemba ndine dalaivala.

Bambo a kwathu, omwe sadziwa kusiyanitsa buleki ndi moto, anakhala kumbuyo atakumbatira beseni, mapilo ndi botolo la madzi. Ine ndinakhala kutsogolo, mbali yopanda chiwongolero. Manja sindinadziwe powaika. M'galimoto munkanunkha nkhuku.

Msewu wotuluka pachipatala umakwera kamtunda, ndipo geti lili pamwamba penipeni. Tikufika pakati, mlonda anatsitsa chitsulo kuti ambulansi ilowe. Tinaima. Kumbuyo kwathu kunaima galimoto ina, kenako inanso.

Chitsulo chinakwera. Sisita ananyamula mwendo wonse. Injini inazima, tinabwerera m'mbuyo pang'ono, ndinakoka handibuleki. Wa kumbuyo anayamba kuliza hutala. Bambo a kwathu anayamba kupemphera chapansipansi.

Sisita anachotsa manja pa chiwongolero.

"Sindingathe. Mayi, chonde, tisinthane. Ingotikwezani pokhapa, kenako ndiyendetsa."

Ndinayang'ana chiwongolero chija. Chaching'ono, chong'ambika chikopa pamwamba. Kamtunda kameneko ndikanakwera nditatsinzina. Zala zanga zinali zitayamba kale kupindika, ndipo dzanja linali pa chitseko. Mulungu akudziwa mmene ndinkafunira, kamodzi kokha, kotsanzikira.

"Ine sindiyendetsanso, Sisita."

Aka kanali koyamba kuzinena. Mawuwo anatuluka bwinobwino, ngati a munthu wina.

"Lizani injini. Asiyeni a hutalawo, akafika. Vulani nsapato. Chidendene pansi."

Ndinaika dzanja pa bondo lake lamanzere. Ndinatseka diso labwino lija kuti ndimve. Bondo linakwera pang'onopang'ono, linakwera, kenako galimoto inayamba kunjenjemera pansi pathu. Ndinali ndisanafinye n'komwe. Bondo linaima lokha.

"Yagwira," anatero Sisita, osati kwa ine.

Anaipatsa moto, anatsitsa handibuleki, ndipo tinakwera. Sitinabwerere m'mbuyo ngakhale pang'ono. Madzi a m'botolo la bambo sanagwedezeke.

Titadutsa geti Sisita anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene wapulumuka. Ine ndinatembenukira ku zenera. Diso lowonongekali kuona silikuona, koma misozi limatulutsa mofanana ndi linzake.

Anatifikitsa mpaka pakhomo. Pa mphambano ziwiri injini inazimanso, koma anailiza yekha osandiyang'ana. Potsanzika anagwira dzanja langa lamanja ndi manja ake onse awiri, anati, "Zikomo, aphunzitsi." Ndinatsala pang'ono kumuuza kuti ine si mphunzitsi. Ndinadziletsa.

Lolemba ndikapereka kalata ija. Ndikawauzanso abwana kuti pa windo la matikiti sindikhala. Ndikapempha mpando pabwalo la depoti, mkati mwa mpanda momwe safunsa laisensi, Magiya azinditumizira amene mapazi awo ndi ogontha. Mwina akana, malo otero palibe m'mabuku awo. Koma ulendo uno akakane ndi iwo, osati ine. Masilipasi ofiira ndawaika kale m'chikwama.

Basi yanga imadutsa kuseri kwa nyumba yathu madzulo. Yadutsa posachedwapa, ndaidziwira kulira kwake. Wogwirizira uja wasintha giya mochedwa pa kona, ndipo phazi langa lamanzere laponda pansi lokha, pansi pa tebulo, kufuna kilachi. Silinamve zomwe ananena adokotala, ndipo ndilibe mtima woliuza.